Tisheti ya Wozima

Ndinaipeza pansi pa mulu
Lachiwiri, belo atangolidula kwa Tsoka,
azimayi akulimbirana madiresi
ngati nkhuku pa madeya.
Ine ndinkangofuna yakuda,
yoti thukuta la pa kabaza lisamaoneke.

Tobiyasi anaitambasula m'mwamba:
"Iyi si ya masewera, bwana, taonani kumsanaku."
Nkhwangwa ziwiri zopingasa,
chisoti pakati, makwerero,
nambala 41,
ndi dzina la mzinda limene lilime langa
limapunthwa nalo mpaka lero.
Anati folo sauzande. Ndinaseka, n'kuuyamba ulendo.
Anandikuwira ndili pa kamlatho ka matabwa:
"Bweretsani yomwe muli nayoyo!"

Kabowo ndinakaonera kunyumba, ku Kawale,
m'munsi cha kumanzere,
m'mbali mwake mouma, mofiirira.
Mbaliwali ya moto, kapena ndudu chabe?
Mwini wake ali moyo? Ananenepa, n'kuitaya?
Kapena mkazi wake anaipinda akulira
n'kuiika m'thumba la zopereka?
Kaunjika sayankha mafunso.

Pa siteji anzanga sanachedwe:
"Wafika Wozima!"
Dzina linandikakamira ngati chisoso pa buluku.
Ana a ku Mchesi ankalira ngati sayirini ndikamadutsa,
wiii-wuuu, ndipo ine, chitsiru,
ndinkatukula chifuwa pang'ono.
Mayi wina nditamukweza anandifunsa
ngati kuntchito kwathu akulemba anthu.
Sindinakane, sindinavomere.
Ndinangoti, "Gwirani bwino, kutsogoloku kuli hampu."

Kenako usiku uja wa Okutobala,
magetsi atazima chim'mawa,
kandulo inagwera pa katani kwa Esinati.
Sindinamve wokuwa kuti moto.
Ndinamva dzina langa labodza lija
likuthamanga m'tinjira opanda nsapato,
likumenya chitseko changa cha malata.

Ndinali nditaivala. Ndinkagona nayo.

Pampopi pankatuluka mphepo yokha.
Foni inaitana, inaitana, anati akubwera,
koma galimoto yofiira ingalowe bwanji
pamene wilibala imadutsa chopendekeka?
Maso onse anali pa nkhwangwa zojambula zija
ndipo mawondo anga anasanduka madzi,
madzi okhawo amene tinali nawo.

Sindidziwa amene anabwereka pakamwa panga.
"Mchenga! Wa pa njerwa za a Chimbalanga uwo!
Mzere, mzere! Ndowa, beseni, chilichonse!"
Ndipo anthu anamvera tisheti.
Tiyese, wa Sitandade Fili, ankatunga ndi mbale.
Chigubu cha mayi busa, chosungira Lamlungu,
chinafika pamutu pa mwini wake.
Tinataya matiresi, denga theka,
ndi satifiketi ya Fomu Folo ya mlongo wake wa Esinati.
Makina osokera ndinatuluka nawo ndine,
ndili chowakumbatira,
akutentha ngati mwana wa malungo.

Enieni anafika moto utagona,
atakoka paipi kuchokera kumsewu, wefuwefu.
Mmodzi wa imvi, jombo yake itayasama kutsogolo,
anandiunika ndi tochi, nawerenga kumsana kwanga
pang'onopang'ono, nayenso akupunthwa.
"Ya kwa Tsoka?"
Ndinati eya, ndikuyang'ana pansi.
"Ndi yabwino kuposa yanga," anatero,
n'kupita kukathira madzi pa phulusa.

Ndaichapa m'mawa uno ndi kachidutswa ka sopo.
Fungo la utsi lakana.
Ili pa chingwe, ikudontha,
nkhwangwa zake zitazondoka.
Mabowo tsopano ndi awiri:
lakale lija la kutsidya kwa nyanja
ndi lina paphewa, la konkuno,
lokula ngati ndalama yachitsulo.
Esinati akuti andisokera ulere.
Ndamuuza adikire kaye.

Tobiyasi naye wanditumizira uthenga:
kwabwera kapu ya chizindikiro chomwecho,
faifi sauzande, osatsitsa,
poti mbiri yafika kale kumsika.