Mabedi Makumi Awiri ndi Anayi

Novembala akafika ku Wenatchee
amandipatsa makiyi, ndowa ndi tsache,
ine Ofelia, wosesa m'mbuyo mwa anthu.
Basi yanyamuka dzulo mbandakucha
kubwerera nawo ku Michoacán,
nyumba yatsala yasa! ngati m'kamwa mozulidwa mano.

Mabedi makumi awiri ndi anayi,
osanjikizana awiriawiri.
Wa boma adabwera ndi tepi mu Meyi,
adayeza kuchokera pabedi kufika kudenga,
adawerenga mawindo, adatsegula mpopi,
nasaina kuti malo ngokwanira.
Tepi siyeza mkonono.
Siyeza chifuwa cha Nicanor
chimene chidayenda bedi ndi bedi mpaka pakhomo.

Pansi pa matiresi a nambala 14
ndapeza sokosi imodzi ndi kapepala ka ngongole:
ya pasipoti, ya nsapato, ya mkulu uja amalemba mayina.
Fidencio wathyola maapozi miyezi isanu,
thumba pachifuwa, makwerero paphewa,
koma miyezi iwiri yoyamba
ankathyolera katapila wa kwawo.
Pakhoma wasiya timizere ta pensulo.
Kaya ndi masiku, kaya ndi mabokosi.
Sindifufuta. Chiguduli changa chikulambalala.

Masana atulukira a Halvorsen,
chipewa m'manja, nawonso ndi pepala lawo.
Akhala pa bedi nambala 3, lalira.
"Ofelia," akutero, "bokosi ndikugulitsa
pamtengo umene ndinkagulitsa tsitsi lisanachite imvi.
Dizilo wakwera, mankhwala akwera,
matalala aboola theka la munda.
Nyumba ino si yanga, ndi ya banki,
ine ndimangosintha mababu."

Ndingoti inde.
Chisoni ndimawamvera, osanama:
ndidawaona chaka cha chisanu choopsa chija
akuyenda usiku ndi tochi, kupapasa maluwa
ngati mayi wopapasa mwana wotentha thupi.
Koma chisoni changa chili ndi polekezera.
Chimathera pakamsewu ka fumbi
kopita ku kalavani yanga,
momwe timagona asanu ndi awiri,
lendi yakwera kawiri chaka chomwechi,
ndipo mdzukulu amalembera homuweki pa chivundikiro cha firiji.

Pawailesi akuti anthu safuna ntchito masiku ano.
Anthu alipo.
Hilario wanga alipo, manja ake ngathunthu.
Adathyola zaka zisanu ndi chimodzi akugona m'galimoto,
lero amakhoma madenga ku Spokane.
Dzanja lothyola silibwera lokha,
limabwera ndi msana wofuna pogona.
Amene adali pafupi adathawa lendi,
ndiye amakatenga akutali pa basi,
kuwabwereka ngati khasu,
kuwabweza akabuntha.

Kumunsi kwa munda kukubangula katapila winanso,
uyu wachitsulo, wachikasu.
Akuzula mitengo imene adadzala bambo awo a Halvorsen,
mizu kuloza kumwamba, mulu ndi mulu.
Pamsewu aimika chikwangwani:
nyumba zatsopano makumi anayi,
ndipo pachithunzipo ajambula apozi wofiira.
Iliyonse idzakhala ndi chipinda cha galimoto ziwiri.
Galimoto zidzagona motakasuka, zitseko zotseka.

"Chaka chamawa mabedi khumi ndi awiri,"
atero a Halvorsen akudzuka,
"ngati kudzakhale chaka chamawa."
Andilipira, aonjezera bokosi la maapozi otemeka,
omwe sitolo idakana.
Ngokoma chimodzimodzi.

Ndazimitsa magetsi, ndakhetsa madzi m'mapaipi
kuti chisanu chisawaphulitse.
Mizere itatu yomaliza sinathyoledwe,
mbalame zikuchita phwando popanda woziwerengera.

Pawindo la kukhitchini wina wasiya tsabola
wodzala m'chitini cha tomato,
masamba awiri afota, kamodzi kakadali kofiira.
Sadakalowa naye m'basi.
Ndamufungata m'jekete.
Kwathu malo kulibe, ndikudziwa,
koma tithinana.