Makoko a Ligineti

Wina wasenda nachesi kumpando wakumbuyo.
Fungo ladumpha mitu ya anthu, lalambalala thumba la makala,
landipeza kuno pafupi ndi chitseko cha minibasi ya ku Chirimba,
ndalama ili m'manja, ndaiwala kupereka.

Ligineti, ndiwe.

Kachipinda kathu ka ku Mbayani
kankanunkhira ngati msika wa ku Mwanza mwezi wa Juni.
Sunkataya khoko ngakhale limodzi.
Unkatola kwa amayi ogulitsa zipatso pa Wenela
iwo akukuseka: kodi mwayamba kuweta mbuzi, achemwali?
Unkayanika padenga, pakati pa miyala yopsinja malata,
chiperoni chikatsika tinkathamanga ndi lichero
ngati tikupulumutsa ufa.

Loweruka unkasinja m'kamtondo ka tsabola,
n'kusakaniza ndi mafuta a nsatsi
m'botolo lomwe kale munali chiponde.
Khala apa iwe, mfundu yakoyi ikundichititsa manyazi.
Ndinkakhala pakati pa mawondo ako,
chipeso chikulima mizere, chala chako chikubzala.
Ndikati zikuwawa
unkati ndiye kuti zafika.

Koma mandimu anakupusitsa.
Ziphuphu zake zitatu zokha,
ndi mnyamata uja wokonza mafoni ku Limbe
amene sanakuyang'anepo kawiri.
Unafinyira madzi ake pamasaya m'mamawa
n'kukaima pamzere wa ofuna ntchito ku Makata
mpaka dzuwa kufika paliwombo.
Unabwera nkhope ili psuu, yotentha ngati mbaula.
Sabata isanathe, mawanga akuda bii,
ndipo anakhala miyezi inayi ngati alendo osadziwa kutsanzika.
Sunalire.
Unatembenuza kalilole kuti ayang'ane khoma
n'kunena kuti mandimu malo ake
ndi m'kapu ya munthu wachimfine.

Mawa lake unali padenga, ukuyanika makoko.

Tsopano uli ku Joni, ukuluka mitu ya anthu
omwe sudziwa mayina awo.
Umati malalanje a kumeneko ndi aakulu ngati mutu wa khanda,
owala ngati apakidwa polishi,
koma ukakanda ndi chikhadabo, fungo lake n'lochepa.
Sindidziwa ngati ukunena zoona
kapena mphuno yako inatsala kuno.
Ine sindinakuuze kuti tsitsi ndinameta.
Panalibe mawondo oti ndikhale pakati pake.

Kondakitala akundigogoda paphewa: asisi, zanga.
Ndapereka, kenako ndatembenuka:
bambo inu kumbuyoko, makokowo musaponye pawindo.
Adabwa, koma apatsira.
Makoko ayenda dzanja ndi dzanja ngati chenje,
mpaka afika kwa ine akadali onyowa.

Ndamanga pansonga ya chitenje.
Kamtondo kaja tinabwereketsa, sikanabwerenso,
ndipo denga la komwe ndikukhala pano ndi lalitali,
sindingakwere.
Ndingowaika pawindo.