Mfuti Zokhala ndi Adilesi

Lachiwiri m'mawa kombi ya ku Dzivarasekwa
inaima nthawi yaitali pa maloboti,
wailesi ya dalaivala ikulankhula mwachimfine:
akuti pali ganizo, ganizo chabe,
loti mfuti zolavula zipolopolo ngati matalala
zichoke m'manja mwa anthu wamba.
Mayi wina wa dengu la matimati anati, "Anachedwa."
Ine ndinangofinya chikwama changa pachifuwa.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi
ndakhala kuseri kwa sitolo kumunsi kwa Kopje,
kupukuta mipope ndi kansanza ka mafuta,
kukopera manambala m'buku lachikuto chofiira.
Ndine Lufeyo, mwana wa Chidzanja
amene anabwera wapansi kuchokera ku Dedza
nadzafera kuno akulondera nyumba za ena ndi chibonga.

Isanakwane naini anafika VaChinembiri,
oweta nkhumba ku Ruwa,
chiphaso chawo chili m'jumbo ya shuga,
chopindidwa kanayi, chothothoka m'mphepete.
"Lufeyo, yanga ili m'gulu liti?
Adzayeza utali wa mpope? Adzawerenga zipolopolo?
Kapena adzangoyang'ana kuda kwake?
Ndalama yanga adzabweza, kapena risiti yokha?"
Ndinati sindikudziwa.
Bwana nayenso sakudziwa, akungoimba mafoni.

"Ndinaima pamzere masiku atatu," iwo akutero,
"zala zonse khumi ndinazidinda mu inki,
apolisi anabwera kudzagwedeza sefa yanga kukhoma.
Tsono poti ndinanena pomwe ndimakhala
ndiye ayambire pakhomo panga?
Za m'denga, za pansi pa matiresi,
zokwiriridwa m'mbali mwa Mukuvisi,
zimenezo zilibe dzina, zilibe geti logogodapo."

Akunena zoona mkuluyu.
Wodzilembetsa ndiye wosavuta kumpeza,
mbuzi yomangidwa ndiyo imayamba kuona mpeni.
Ndinagwedeza mutu, ndinawathirira tiyi.

Koma sindinawatsegulire tsamba 212.
Pamenepo pali nambala yothera 4471,
zilembo zanga zomwe, inki yabuluu.
Ndinaipukuta ndekha mfuti imeneyo,
inali ndi chidindo, siginecha, zonse zili m'malo.
Inabedwa m'galimoto ku Avondale
mwini wake akugula buledi.
Inakatulukira ku Mbare patatha miyezi isanu
usiku umene Chifuniro, mwana wa mlongo wanga Esinati,
ankatseka kasitolo kake ka ma eyataimu.
Zipolopolo zisanu ndi ziwiri
munthu asanamalize kunena kuti tengani.

Mnyamatayo anayenda zaka zinayi m'maofesi
kufuna chitupa chonena kuti ndi wakuno.
Bwera mawa, bwera ndi amako,
bwera ndi kalata ya kumudzi komwe sunakuonepo.
Mfuti inapeza mapepala iye asanapeze.
Pepala lake loyamba kutuluka msanga
linali la kumanda.

Ndiye mukandifunsa kuti ndili mbali iti,
ndikuuzani kuti lendi yanga imachokera m'mipope iyi,
fizi ya Tiyamike imanunkha mafuta omwewa,
ndipo Esinati samadya kwathu
ndikapanda kusamba m'manja kawiri.

Mwina lamulolo lidzafera m'madirowa.
Mwina lidzabwera ndi lole Lolemba lina,
adzapempha buku lofiira,
chala chawo chidzatsika mzere ndi mzere
motsata zilembo zanga,
ine ndidzakhala mlozanjira wosafuna.
VaChinembiri adzandiyang'ana bwanji?
Nanga Esinati, lole ikapanda kubwera?

Faifi koloko. Ndakhoma sefa, ndakhoma chitseko chachitsulo.
Maluwa a jakaranda aphwanyika m'misewu,
akumata ku nsapato.
Pa renki mnyamata akukuwa, "Dzivarasekwa, mmodzi yekha!"
Ndalowa, ndakhala pampando wa pakhomo.
Wailesi tsopano ikukamba za mpira.
Ndanunkhiza zala zanga.
Zikadali momwemo.