Kiyi wa Kabati

Patatha sabata titaika amayi ku Caruaru
tinayala nsalu pansi kuti tigawane zotsala.
Makina osokera kwa Jucélia.
Wailesi kwa ine, ngakhale imagwira siteshoni imodzi yokha.
Mbale zisanu ndi imodzi, zitatuzitatu.
Mpaka apo panalibe mlandu.

Kenako anatsala iye, pa shelefu pamwamba pa bedi:
Antonio Woyera wadongo, msinkhu wa botolo la mafuta,
mphuno yobenthuka,
mkanjo utada ndi mwaye wa makandulo a zaka makumi anayi.

Ndinati, "Dongo ili anaumba Severino wa kumsika,
yemwe uja ankaumbanso ting'ombe ta ana.
Ukalinong'oneza umangolipumira fumbi.
Mkhalapakati ndi mmodzi,
ndipo pakhomo pake palibe mlonda woti uyambe wamunyengerera."

Jucélia ananyowetsa chala ndi malovu
n'kupukuta mphuno yobenthukayo.
"Sindimupembedza, Dalva. Ndikuuze kangati?
Tsiku limene Edilson anagwa pa njinga yamoto
sunadzutse amayi a kumpingo kwako pakati pa usiku
kuti akupempherere?
Ine ndimadzutsa anzanga amene anatsogola."

"Anga ali moyo. Amayankha foni."

"Anga ali moyo kuposa ako."

Tinakhala chete. Panja galu ankakanda chitseko.

Ndinakumbukira chaka chimene ndinakwana makumi atatu ndili mbeta:
amayi anam'miza Antonio chamutu m'ndowa ya madzi
masiku atatu, kuti andipezere mwamuna.
Mwamuna anabweradi. Anali Edilson,
ndipo ndi iye ananditengera ku mpingo wa m'galaja,
wa magitala ndi mipando yapulasitiki,
kopanda kandulo, kopanda nkhope pakhoma.
Amayi anangopukusa mutu:
"Wandibwezera. Madzi aja ankazizira."

Chakumadzulo tinafuna mapepala a nyumba.
Kabati yokiya. Kiyi palibe.
Tinakutumula mapilo, matumba a madiresi,
chitini cha mabatani, nsapato za ku Misa.
Thukuta likuyenderera kumsana,
ndinaponya manja m'mwamba n'kukalipa,
"Amayi inu! Mwaika kuti kiyi?"

Mawu anagunda denga n'kubwerera pa ine.

Jucélia sanaseke.
Akanaseka bwenzi zili bwino.
Anangondiyang'ana ngati munthu wopeza mnansi wake
akutunga pachitsime chimene ankachinyoza.

Kenako ananyamula Antonio n'kumutembenuza.
Kunsi kunali mphako,
ndipo m'mphakomo, atamatidwa ndi pulasitala wa bala,
kiyi.

Ndinati, "Anaikamo ndi amayi."
"Inde," anatero. "Ndani wakana?"

M'mawa anakwera basi ya ku Recife
atamukulunga m'thaulo, ngati khanda lodwala chimfine.
Pawindo anandiuza kuti adzandipempherera.
Ndinati inenso.
Sitinafunsane kuti kudzera njira iti.

Sindinasinthe maganizo, mbusa wanga asade nkhawa.
Sindiyatsa kandulo, sindigwadira dongo.
Koma pa shelefu paja patsala kabwalo koyera
kamene fumbi silinapondepo zaka makumi anayi.
Ndayesa kuikapo wailesi, siikwana.
Ndayesa koloko, ikuoneka ngati mlendo.
Ndiye pangokhala,
ndipo usiku ndikamazimitsa magetsi
pakamwa pamandiyabwa kunena kuti mugone bwino,
koma ndimameza.