Mgolo Wachitatu ku Volnay

Masitepe otsikira kuno ndi khumi ndi asanu ndi awiri.
Mayi Perrachon amawawerenga mokweza chaka ndi chaka,
dzanja lina pakhoma la chuku, lina litafumbata kabuku.
Kunja Novembala wavula mipesa masamba onse.
Kuno kukununkha thabwa lonyowa.

Corentin azula chotsekera pa mgolo wachitatu,
amiza kachubu ka galasi, atseka kumwamba ndi chala,
nadonthezera m'matambula.
Vinyoyu ali ndi miyezi khumi ndi inayi yokha.
Sanaphunzire ulemu.

Mayiwo apendeketsa tambula pafupi ndi babu,
ayang'ana kufiira kwake ngati namwino pa bala latsopano.
Azunguza, alowetsa mphuno, atsinzina.
Apsontha, akoka mpweya pakati pa mano,
achukucha m'kamwa ngati wodwala dzino,
kenako alavulira m'ndowa.
Cholembera chili duu.

Ine ndikudziwa zimene zili mu mgolowu.
Muli chisanu cha mu Epulo,
usiku umene tinayatsa makandulo mazana m'mizere
ine ndi bambo, mpaka nsidze zinawauka.
Muli matalala a mu Julayi, mphindi zisanu ndi zinayi,
amene anadya theka la munda wakumtunda.
Muli bambo atakhala pa bokosi tsiku lokolola,
akutsokomola, akuloza ndi ndodo phava limene ndalumpha.
Ndi vinyo womaliza amene anamumva akuwira,
woyamba amene tsiku lothyola ndinasankha ndekha.

"Akunyung'unya," atero mayiwo.
"Akumanga lilime, nkhama zauma gwa."
Ndiyang'ana nsapato zanga.
"Koma kuseri kwa ukaliwo kuli munthu.
Matcheri akuda, katsabola pang'ono, mwala wovumbwa ndi mvula.
Ndipo sakufuna kuchoka pakhosi."
Atambasula dzanja. "Thiraninso."
Zaka makumi awiri ndi ziwiri akhala akutsika kuno,
sanapemphepo kachiwiri.

"Anatole akanadikira masiku ena anayi."
"Ndikudziwa."
"Akanalakwitsa."

Apa m'pamene alemba, manambala ang'onoang'ono,
akubisa ndi chikhatho ngati mwana pa mayeso.
"Asamutsegule munthu zisanathe zaka khumi ndi ziwiri.
Kuona maso a nkhono n'kudekha."
Aseka, mano ali bii ndi vinyo wa anthu ena asanu
amene awayendera kale chikuchereni.
"Ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi.
Ndimaweruza ana amene ukwati wawo sindidzavina."

Corentin abwezera zotsala mu mgolo,
dontho lililonse, akhoma chotsekera ndi chibakera.
Mayiwo akwera. Pa sitepe yachisanu ndi chinayi aima,
akuti akumanga mpango, koma ndikumva akupuma.

Ndatsala ndekha ndi tambula yanga.
Ndipsontha.
Ndowa ili pomwepo, pamapazi panga.
Ndimeza.