Kapini ka Thewera

Anafika naye pa njinga yamoto kuchokera ku Mwansambo,
atamumangirira ndi chitenje kumsana kwa woyendetsa
ngati thumba la mpunga.
Twaibu, zaka khumi ndi zitatu,
thupi lotentha ngati chiwaya,
m'mphechepeche mwanabele wonga dzira la bakha
wosalola ngakhale kabudula amukhudze.

Malungo tinayeza kawiri. Kamzere kamodzi basi.

Ine ntchito yanga ili m'chipinda chakumapeto
kumene odwala safika, kumangofika zawo:
magazi, makhololo, mkodzo m'timabotolo.
Madzulo ano a Kamzingeni andibweretsera dontho
limene singano yakoka m'chotupacho,
atavala magolovesi awiriawiri, osaseka monga mwa masiku onse.

Ndapaka pa kagalasi, ndaumitsa,
ndathira utoto, ndatsuka.
Magetsi thii.
Ndakhala mumdima kuwerenga kupuma kwanga
mpaka jenereta itatsokomola kuseri kwa khitchini.

Kenako diso pa maikulosikopu,
chala pa kagudumu, pang'ono, pang'ononso,
chifunga chikuyera,
ndipo ndi ito:
timitengo tifupitifupi, tonenepa,
toda kumutu ndi kumchira, pakati mbee,
ngati kapini komangira thewera katatsekedwa.
Ndinakaonapo m'buku mokha,
pa tsamba limene tinkalidumpha kusukulu
poti ankati mayeso safunsa za matenda a makedzana.

Chaola.
Ndalemba ndi pensulo, ndi chizindikiro cha funso,
pakuti diso limanama, a ku Lilongwe ndiwo adzatsimikize.
Koma jakisoni sadikira kalata.

Pakhonde mayi ake, a Mwanaidi,
dzina la wolakwa anali nalo kale m'kamwa:
mlamu wawo, mkangano wa malire a dimba,
mawu aja analankhulidwa pamaliro.
Ine ndinangofunsa za makoswe.
Anadabwa. Anati anafa okha sabata yatha,
asanu ndi awiri, kuseri kwa matumba,
ena akuyenda masana ngati oledzera.
Tinati mwayi, mpunga wapulumuka.
Twaibu ndiye anawatola michira kukataya kudzala.

Ndinawauza za nthata.
Khoswe akazizira, nthata imasamuka,
imafuna nyumba ina yofunda, mwendo uliwonse.
Nayonso ndi wodwala, mayi:
tizilomboti timaswana pakhosi pake mpaka kutseka njira,
imayamwa, magazi osatsika,
njala ikukula, imalumanso, imalumanso,
ndi kusanzira pabala zimene zaitsamwitsa.
Palibe amene waituma.
Ili ndi njala chabe.

Sanandikhulupirire, ndipo sindinawadzudzule.
Ndinaphwanya lamulo, ndinawaveka chophimba kukamwa,
ndinawalowetsa, ndinati tsinzinani diso limodzi.
Anawerama nthawi yaitali,
dzanja litagwira mpango kuti usagwere pa makina.

Ndi kameneka?
Inde.
Kopanda maso, kopanda mano?
Kopanda ngakhale mtima woti n'kudana nanu.

Anakhala pa mpando wanga osapempha.
Mkwiyo umene anaunyamula ulendo wonse
unasowa potula.
Patapita nthawi anafunsa za ana ena atatu
amene amagona pa mphasa pafupi ndi matumbawo,
ndipo funso limenelo ndi limene ndinkalidikira.

Mawa galimoto ya azaumoyo ipita ndi mankhwala opopera.
Nthata ziyambe kufa, makoswe pambuyo,
apo ayi tiwonjezera osowa pokhala
amene adzagogoda pa akakolo athu.

Bokosi lozizira ndalimata, ndalemba dzina.
M'manja ndasamba katatu.
Ku wodi akuti Twaibu wapempha madzi,
sindikudziwa ngati nditchule kuti nkhani yabwino.

Kunyumba ndapeza mwana wanga Tiyamike akulira,
thewera lanyowa.
Ndamugoneka pa bedi, ndamasula nsalu,
kapini ndakaluma m'mano monga ndichitira usiku uliwonse,
ndiye ndakachotsa, ndakayang'ana pa nyali,
mbali ziwiri zolimba, pakati mbee.
Zala zanga zakana kukatseka.