Laimu wa Loweruka

Bambo anga, a Nediljko, anafika ku Wollongong
ndi sutikesi imodzi, adiresi ya msuweni ili m'thumba.
Masiku asanu ankapsa ndi moto wa m'fakitale ya zitsulo.
Loweruka, iwo ndi Šime woduka chala uja
ankatola miyala padambo limene khonsolo inalitaya
mpaka dambolo linavomera kukhala bwalo.

Magolo anawotcherera okha, ndi mapaipi akuba.
"Obwereka," ankatero mayi,
akusokerera timabokosi tofiira ndi toyera pamalaya a osewera.

Kuno mlendo ankapezako ntchito, chipinda, mwinanso mkazi.
Nkhondo itabuka kwathu, chipewa chinazungulira bwalo,
chinabwerako cholemera. Mpira tsikulo palibe anauona.
Chaka china akuluakulu anati,
fufutani dzina la dziko lanu pachikwangwanipo.
Tinapaka penti. Mvula ikagwa, zilembo zinkasuzumirabe.

Lero wokankha wilibala ya laimu ndine,
mizere yanga imakhota.
Mwana wanga Ljerka amavala nambala sikisi.
Chikroati chake ndi mawu atatu basi,
awiri ndi otukwanira refa.
Lotsalalo amalifuula akagoletsa,
atatembenukira benchi yopanda munthu, ya agogo ake:
Dida!